Houston kupita New Orleans pa galimoto, tidutse msewu uti kuti mayi aone dziko?

NaPhiri_HTX
Moni nonse abale. Ndili ndi funso kwa amene mumaidziwa Louisiana. Mayi anga akubwera kuchokera kumudzi mwezi wa Malichi ndipo ndikufuna ana akatsekera sukulu tiwatenge akaone New Orleans, tinyamukira kuno ku Houston pa galimoto. Bambo a ana akuti tingokwera msewu waukulu wa I-10 maola asanu tafika basi, koma ine zikundiwawa chifukwa mnzanga wa kuntchito ndi wa ku Lafayette ndipo sakamba china koma za kwawo, madambo, ng'ona, nyimbo, zakudya za ma Cajun. Tili ndi masiku anayi. Palibe msewu wina woti mayi aone dziko osati kumangoona mathiraki? Dziwaninso kuti mayi ndi a Sabata, nkhumba sayandikira, ndiye za zakudyazo mundiuze zoona. Kwathu ndi ku Chikwawa cha ku Nchalo.

Thiraki_18
Achemwali mverani bambo a anawo. Ine msewu umenewo ndi ofesi yanga, ndimanyamula katundu pakati pa Texas ndi Florida. Kuchoka Houston kufika New Orleans ndi makilomita pafupifupi 560 ndipo dambo mukulifunalo mulionera pa I-10 pomwepo. Mukangopitirira Lafayette mukwera mlatho wa Atchafalaya, makilomita 29 muli pamwamba pa madzi, mitengo yomera m'madzi uku ndi uku. Mayi akhutira. Timisewu tating'onoto ndi totopetsa, ukamalowa tauni liwiro limatsika mwadzidzidzi ndipo tikiti sichedwa.

Teche_Boy
Akulu a Thiraki ulemu wanu koma apa ndakana. Inu mumaona zonsezo chifukwa mumakhala pamwamba, munthu wa galimoto yaing'ono pa mlathowo amaona simenti ya m'mbali ndi nsonga za mitengo, kuima sangaime, ngakhale fungo la dambo osalimva. Ine ndinaphunzira ku Lafayette ndipo ndinakhazikika konkuno, ndiye a NaPhiri tamverani.

Tsiku loyamba bwerani pa I-10 pomwepo palibe vuto. Mukadutsa Lake Charles yambani kuyang'ana kumbali cha ku Jennings, Crowley ndi Rayne, muona minda yosalala yodzaza madzi muli timisampha tatulutsa mitu tili pamzere. Imeneyo ndi minda ya mpunga, akakolola amathiramo madzi nkumaweta tinkhanu totchedwa crawfish m'munda womwewo, munda umodzi ndalama kawiri. Gonani ku Lafayette kapena ku Breaux Bridge.

M'mawa mwake I-10 muisiye. Lawirani ku Lake Martin, ndi pafupi ndi Breaux Bridge, mukakwere kabwato ka injini kolowa pakati pa mitengo ya cypress. Malichi ndi nthawi yabwino kwambiri chifukwa akakowa ndi mbalame zina zimakhala zikumanga zisa zambirimbiri pamenepo, ng'ona zayamba kutuluka kudzawothera dzuwa koma kutentha kusanafike poipa. Mukachoka apo gwirani msewu wa LA 31 wotsetsereka kummwera motsatira Bayou Teche. Bayou ndi mtsinje woyenda pang'onopang'ono moti sudziwa kuti madzi akulowera kuti. Teche ameneyu kalekale ndi momwe munkadutsa mtsinje wa Mississippi weniweniwo, ndiye matope amene ankasiya m'mbali ndi amene anapanga mtunda, n'chifukwa chake matauni, matchalitchi, manda ndi msewu zonse zinakakamira m'mphepete mwake, ukangotalikira pang'ono wagwa m'dambo. Muima ku St. Martinville, kenako New Iberia, kenako kakhotereni ku Avery Island kumene amapanga tsabola wa m'botolo wa Tabasco. Kuchoka apo LA 182 kudutsa Jeanerette, Franklin mpaka Morgan City. Pa mapu zikuoneka zapafupi koma lipatseni tsiku lonse.

MayiAwiri
Ng'ona ndi ana m'bwato? Ine ayi.

Teche_Boy
Si ng'ona za mu Shire zija asisi. Izi ndi ma alligator, kukamwa kwake kotambalala ndipo kawirikawiri zimathawa munthu. Bola osazipatsa chakudya, ana asatulutse manja kunja kwa bwato komanso asamasewere m'mphepete mwa madzi madzulo.

Mwana_wa_Ngabu
Mukuwadziwa amayi a ku Lower Shire inu? Munthu amene anaonapo mnzake atagwidwa akuchapa ku mtsinje simungamuuze kuti ng'ona iyi ndi yofatsa. A NaPhiri afunseni kaye mayi musanalipire bwatolo. Akakana musawakakamize, m'mbali mwa Lake Martin muli msewu ndi kanjira ka matabwa koti munthu amaona zonse ali pouma.

NaPhiri_HTX
Achimwene a ku Ngabu mwanena zoona, bwato ndikukayika ngati angakwere. Za kanjirako zandisangalatsa. Koma tandiuzani, ma Cajun amenewa ndi ndani kwenikweni? Mnzangayo dzina lake ndi lachifalansa koma ku France sanapiteko ngakhale agogo ake.

Aphunzitsi_Indy
Ndiyankheko pamenepo chifukwa mukapanda kudziwa izi ku St. Martinville mukangoona mtengo ndi tchalitchi basi.

Makolo awo anali alimi ndi asodzi ochokera ku France amene anakakhazikika ku Acadie, dera lomwe lero ndi Nova Scotia ndi madera oyandikana nawo ku Canada, kuyambira zaka za m'ma 1600. Dzikolo litagwa m'manja mwa a British iwo anakana kulumbira kuti adzamenya nkhondo mbali ya mfumu ya ku Britain. Mu 1755 anayamba kuwasamutsa mokakamiza, kuwatentha nyumba, kuwalanda ziweto, kuwalonga m'zombo nkuwamwaza m'madera osiyanasiyana, mabanja kugawikana, ambiri anafera panyanja ndi matenda. Ena atazunzika zaka zingapo anamva za Louisiana, komwe nthawi imeneyo kunkalamula Spain koma anthu ake ankalankhula Chifalansa ndipo anali Akatolika ngati iwo. Mu 1765 Joseph Broussard, amene ankatchedwanso Beausoleil, anafika ndi gulu la anthu pafupifupi 200 nkukhazikika cha ku Teche konko. Mu 1785 kunabwera zombo 7 kuchokera ku France zitanyamula anthu pafupifupi 1,600. Mpaka lero mukawerenga zikwangwani za m'misewu muona Broussard, Thibodeaux, Guidry, Landry, Hebert, mayina omwe aja.

Ku St. Martinville kuli Acadian Memorial, muli khoma la mayina a anthu amene anafikawo. Anthu amabwera kudzasaka dzina la banja lawo. Pitaniko ndi ana.

Sapitwa87
Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma mwasiya theka la nkhani ndipo ndi theka lomwe limasiyidwa nthawi zonse. Dera limenelo si la ma Cajun okha. Anthu akuda ochokera ku Africa anafika ku Louisiana ma Acadian asanabwere, anawabweretsa ngati akapolo kuyambira cha m'ma 1719, ambiri kuchokera ku Senegal ndi Gambia, ndipo luso la ulimi wa mpunga ena anabwera nalo ndi iwowo. Zidzukulu zawo zolankhula Chifalansa ndi Chikiliyo ndi ma Creole ndipo alipo ambiri ku Opelousas, St. Martinville, Lafayette. Therere la mu msuzi wawo wa gumbo mukuganiza linachokera ku Canada? Koma lero chilichonse akuchilemba Cajun, tsabola Cajun, nkhuku Cajun, ngakhale timu ya yunivesite. Ndinacheza ndi bambo wina wachikulire wachikuda pa dansi ina, anandiuza mosabisa kuti iye si Cajun ndipo zimamupweteka alendo akamamutcha choncho. Ndiye a NaPhiri samalani pamenepo, munthu wakuda wa kumeneko musathamangire kumutcha Cajun, mulekeni adzitchule yekha. Ndipo pafupi penipeni ndi Acadian Memorial pali African American Museum, khomo ndi khomo, mukalowa kumodzi lowaninso kwinako.

Aphunzitsi_Indy
Sindinabise dala a Sapitwa, funso linali la ma Cajun. Koma zomwe mwanenazo ndi zoona, ndipo tiwonjezere kuti ena mwa ma Acadian atalemera anadzakhalanso ndi akapolo. Komanso eni nthaka enieni alipo, a Chitimacha, akadali pa kachigawo ka malo a makolo awo ku Charenton pafupi ndi Franklin, chapafupi ndi msewu womwe a Teche_Boy anenawo. Amaluka madengu okongola kwambiri ndi bango la m'mphepete mwa mtsinje ndipo ali ndi ka museum kawo.

Kondowole_DMV
Inu mbiri yakwana, tikambe za mphika. Funso la nkhumba palibe wayankha.

Teche_Boy
Apa ndiye pali ntchito a NaPhiri, sindikunamizani. Ma Cajun nkhumba ndi moyo wawo. Boudin amene aliyense angakuuzeni kuti mulawe, makamaka ku tauni ya Scott, ndi soseji ya nkhumba yosakaniza ndi mpunga, chiwindi ndi anyezi. Cracklin ndi chikopa cha nkhumba chokazinga. Crawfish ndi tinkhanu ta m'madzi opanda mchere tamchira, Malichi mpaka Meyi ndiye nyengo yake yeniyeni, amaphika chimphika chachikulu ndi chimanga, mbatatesi ndi tsabola wambiri nkukhuthulira patebulo, koma a Sabata zimenezo sadya. Shrimp ayi, nkhanu ayi, oyster ayi, mlamba omwe amaukazinga paliponse nawonso ayi poti ulibe mamba.

Choopsa ndi zobisika. Gumbo ya nkhuku pafupifupi nthawi zonse amaikamo soseji ya andouille yomwe ndi nkhumba. Nyemba zofiira za ndi mpunga amaphikira limodzi ndi nyama ya nkhumba kapena soseji. Ngakhale masamba amaponyamo kachidutswa. Ndiye osangofunsa kuti muli nkhumba, funsani kuti muli soseji, ham, bacon kapena tasso (nyama ya nkhumba yofutsa pa utsi), chifukwa ena saziwerengera ngati nkhumba akamayankha mwachangu. Zomwe mayi angadye bwinobwino ndi nsomba za mamba monga redfish, speckled trout kapena red snapper yowotcha, nkhuku yokazinga, mpunga, mbatata, therere, ndi chimanga chokazinga ndi tomato ndi tsabola chomwe amati maque choux koma nachonso funsani mafuta ake.

Kondowole_DMV
Nyamulani ufa ndi kampoto. Pezani nyumba ya lendi yokhala ndi khitchini osati hotela. Munthu wamkulu masiku anayi opanda nsima mudzamva madandaulo mpaka pa eyapoti.

NaPhiri_HTX
Ufa ulipo kale achemwali, umenewo sitisiya. Nanga nyimbozo? Ndamva kuti zambiri zimachitika Loweruka m'mawa ndiye kwa ife sizitheka.

Zydeco_Mw
Zoona, zotchuka ndi za Loweruka, ku Mamou kuli Fred's Lounge komwe amayamba kuimba ndi kuvina m'mawa, koma ndi bala ndiye mayi ndi ana sikoyenera ngakhale likanakhala tsiku lina. Pitani ku Vermilionville ku Lafayette, ndi mudzi womwe anaumanga kuti uonetse mmene anthu ankakhalira kale, nyumba zakale zenizeni za matabwa ndi dothi losakaniza ndi ndere za m'mitengo, ndipo Lamulungu masana kumakhala dansi ya banja lonse, agogo kuvina ndi zidzukulu. Ingoonani kaye pa intaneti ngati sabata imeneyo iliko.

Kusiyana kwake mukumva nokha. Cajun ndi vayolini ndi ka akodiyoni kakang'ono, kuimba mu Chifalansa mokweza ngati munthu akulira, anthu kuvina awiriawiri mozungulira holo. Zydeco ndi ya ma Creole akuda, akodiyoni, ng'oma, bezi, ndi munthu wovala chilata cha mizeremizere pachifuwa akuchikwecha ndi masupuni kapena zotsegulira mabotolo, imeneyo miyendo imanyamuka yokha. Mfumu yake anali Clifton Chenier wa cha ku Opelousas. Ndipo nyimbo ziwirizi zinakulira limodzi, mu 1929 Amédé Ardoin wakuda woimba akodiyoni anajambula nyimbo ndi Dennis McGee mzungu wa vayolini, nthawi yomwe tsankho linali poyera. Mukanabwera kumapeto kwa Epulo ndikanati Festival International ku Lafayette, ndi yaulere ndipo kumabwera oimba ochokera ku Africa.

MayiAwiri
Chifalansacho akulankhulabe? Ine ndinadutsako sindinamve ndi mmodzi yemwe.

Aphunzitsi_Indy
Achikulire ena akulankhulabe koma chikutha, ndipo sichinathe chokha. Malamulo a boma la Louisiana a mu 1921 anati m'sukulu muziphunzitsidwa mu Chingerezi chokha. Mwana akagwidwa akulankhula Chifalansa pabwalo la sukulu ankamenyedwa, ena kugwaditsidwa pa njere za chimanga, ena kulembetsedwa mizere yambirimbiri. Anawo atakula anasankha osawaphunzitsa ana awo kuti asadzaone manyazi omwe iwo anaona, ndiye mbadwo umodzi wokha unakwanira kudula chingwe. Mu 1968 boma linakhazikitsa bungwe la CODOFIL kuti libwezeretse, anayamba kuitanitsa aphunzitsi kuchokera ku France, Belgium, Canada ngakhale ku maiko a ku Africa olankhula Chifalansa, ndipo pano kuli sukulu zomwe ana amaphunzira masamu ndi sayansi mu Chifalansa. Koma chomwe mwana akuphunziracho sichifanana ndendende ndi cha agogo ake.

Vyamuzi_Tumbuka
1968 yomweyo kwathu ndi chaka chomwe Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Ena akubwezeretsa chilankhulo ife tikuchotsa. Nkhaniyi ine imandikhudza kwambiri.

Sapitwa87
Ndipo tonse tinadutsa m'sukulu zomwe ukalankhula chakwanu amakupatsa chibalo. Pano tili kuno ana athu sangathe kulankhula ndi agogo awo pa foni. Ifeyo palibe watimenya, tikungosiya tokha.

MayiAwiri
Musaweruze a Sapitwa. Mwana amakhala ku sukulu tsiku lonse, iwe uli ku shifiti ya usiku, mumaonana maola awiri. Tikuyesetsa koma si zophweka.

Sapitwa87
Sindikunena inu asisi, kwanga komwe zili choncho. Ndikungoti agogo akabwera ngati mmene akubwerera a NaPhiri ndi mwayi, m'galimoto maola onsewo ana azicheza nawo osati kumangoyang'ana pa tabuleti.

Admin_Gulu
Abale nkhani ya zilankhulo ndi yofunika, wina aitsegulire mutu wake. Pano timuthandize mlongo wathu ndi msewu. Tafika pa Morgan City, kenako?

Injiniya_BR
Ndipitirize ine. Ndimagwira ntchito za madzi ku Baton Rouge ndipo ndikupempha a NaPhiri kuti mwa masiku anayiwo limodzi mulipereke ku mathero a nthaka, chifukwa zomwe mukaone kumeneko ana anu akadzakula mwina sadzazipeza.

Kuchoka Morgan City pitirizani pa US 90 cha ku Houma, mukafika ku Raceland gwirani LA 1 yotsetsereka ndi Bayou Lafourche kudutsa Larose, Galliano, Golden Meadow mpaka Leeville ndi Grand Isle. Poyamba muona nyumba ndi maboti a shrimp atakocheza kuseri kwa nyumba. Mukangotuluka pa geti la madzi la ku Golden Meadow dziko limasintha, udzu wa m'dambo ukuchepa madzi akuchuluka, mitengo ya oak yofa itaima mbuu chifukwa mchere unalowa ku mizu, mapolo a magetsi ali m'madzi pomwe kale panali mtunda. Ku Leeville ngakhale manda ena analowa m'madzi. Msewu wakale unkamira pafupipafupi mpaka anamanga mlatho wautali wolipira womwe anatsegula mu 2009, chifukwa ndi njira yokhayo yopita ku Port Fourchon, doko lomwe limatumikira migodi ya mafuta ya m'nyanja.

Chikuchitika ndi ichi. Nthaka yonseyo anaimanga ndi Mississippi, chaka ndi chaka ankasefukira nkusiya matope. Matope otere amatitimira okha pang'onopang'ono, koma bola mtsinje unkawonjezera ena pamwamba. Chigumula cha 1927 chitawononga kwambiri, boma linamanga zipupa zotchinga madzi zazitali m'mbali monse mwa mtsinje. Mizinda inatetezeka koma matope aja tsopano amangodutsa nkukatayika m'nyanja yakuya. Kenako makampani a mafuta ndi gasi anakumba ngalande zambirimbiri m'madambo kuti mabwato ndi mapaipi azidutsa, madzi amchere analowera momwemo nkupha udzu womwe mizu yake inkagwira dothi. Onjezani kukwera kwa nyanja, anamondwe, ndi ka nyama kotchedwa nutria komwe anakabweretsa kuchokera ku South America chifukwa cha ubweya wake koma kamadya mizu. Kuyambira m'ma 1930 Louisiana wataya malo pafupifupi masikweya kilomita 5,000.

Koma si kulikonse. Madzi a Mississippi gawo lina amalipatutsira mu Atchafalaya pa zitseko za Old River Control zomwe anamaliza mu 1963, pafupifupi 30 pa 100 alionse, ndipo kumene Atchafalaya amathirira m'nyanja kummwera kwa Morgan City nthaka yatsopano ikumera, pa Wax Lake. Komwe matope akufika dziko likukula, komwe anatsekedwa likumira.

Thiraki_18
Grand Isle ndi kutali akulu, kupita ndi kubwerera pa msewu umodzi womwewo, ndi mayi wachikulire ndi ana kumbuyo. Mukufuna kuwapha ndi msana?

Injiniya_BR
Sakuyenera kufika ku Grand Isle. Angathe kukafika pa Leeville nkutembenuka, kapena kuchokera ku Houma atsike LA 56 mpaka Cocodrie, ndi pafupi ndipo aona zomwezo, nyumba zokwezedwa pa zipilala zazitali masitepe ngati ukukwera nsanja.

Mwana_wa_Ngabu
A Injiniya mwandikumbutsa kwathu ndipo ndikukhulupirira kuti mayi a NaPhiri akamvetsa dziko limenelo kuposa tonsefe. Ife timadziwa kuti madzi omwe amakugwetsera nyumba ndi omwenso amakusiyira dothi la chimanga cha kudimba. Madzi a 2015 aja, kenako Freddy mu 2023, nthawi zonse anthu a kumtunda amafunsa kuti bwanji osangosamuka. Amene amafunsa choncho sanasiyepo manda a amayi ake ndi munda womudyetsa kawiri pachaka. Kodi kumenekonso amawauza kuti asamuke?

Injiniya_BR
Eya. Chitsanzo chodziwika ndi Isle de Jean Charles kummwera kwa Houma, mudzi wa anthu a mitundu ya eni dziko. Kuyambira 1955 chilumbacho chataya 98 pa 100 ya nthaka yake, kamsewu kopita kumeneko madzi amakamiza mphepo ikangolimba. Mu 2016 boma linapereka madola 48 miliyoni kuti awasamutsire kumtunda cha ku Schriever, nyumba zatsopano anamanga ndipo ambiri anapita, koma panali kukangana kwambiri ndipo ena anakana. Msodzi ukamuika pakati pa minda ya nzimbe makilomita ambiri kuchoka ku bwato lake wamupatsa denga koma ntchito wamulanda. Ndipempheko chimodzi, mukapita madera amenewo musamajambule nyumba zogumuka za anthu ngati zokopa alendo. Namondwe Ida wa pa 29 Ogasiti 2021 anagwera pa Port Fourchon penipeni ndipo mabanja ena sanabwerere mwakale mpaka pano. Imani pa kashopu, gulani kanthu, perekani moni, anthu ake ndi ochezeka kwabasi ndipo akakufotokozerani okha.

MayiAwiri
Nanga Malichi kulibe anamondwewo?

Injiniya_BR
Nyengo yake ndi 1 Juni mpaka 30 Novembala. Malichi vuto ndi mvula ya mabingu ndi chifunga cha m'mawa basi.

Nzimbe_Dwangwa
Poti mayi ndi a ku Nchalo, muwauziretu kuti minda yonse ya m'mbali mwa Teche ndi Lafourche ndi nzimbe, koma Malichi azipeza zazifupi zikungophuka kumene. Kuno amadula kuyambira Okutobala mpaka cha mu Januwale chisanu chisanaziwononge, ndipo ndi makina okhaokha, simuona munthu ndi chikwanje. Ku Jeanerette ndi Franklin mafakitale ake amaonekera pa msewu.

Sapitwa87
Ndipo nzimbe zimenezo ndi zomwe zinamanga zinyumba zoyera za zipilala zomwe muzione ku Franklin ndi New Iberia. Shadows-on-the-Teche ya ku New Iberia ndi ya 1834, anaimanga ndi thukuta la akapolo. Ine langizo langa ndi ili, mukamachoka ku Houma musathamangire New Orleans pa US 90. Kwerani ku Thibodaux, gwirani LA 20 mpaka Vacherie, mukatulukira pa River Road m'mphepete mwa Mississippi. Anthu ambiri amathamangira Oak Alley chifukwa cha mzere wa mitengo ija yojambulitsa bwino. Jambulitsani ngati mukufuna koma nthawi yanu ikathere pa Whitney Plantation, pafupi pomwepo ku Wallace. Anatsegula mu 2014 ndipo nkhani yonse imakambidwa kuchokera kwa akapolowo, tinyumba tomwe ankagona, miphika ikuluikulu yowiritsira madzi a nzimbe, makoma a mayina, malo okumbukira ana omwe anafera mu ukapolo. Palinso chikumbutso cha kuukira kwa Januwale 1811 pomwe akapolo mazana motsogozedwa ndi Charles Deslondes anaguba kulowera ku New Orleans, atagonjetsedwa mitu ya ambiri anaipachika pa mitengo m'mbali mwa mtsinje. Ine ndinatuluka osatha kulankhula.

MayiAwiri
Ana aang'ono kumeneko? Si zowalemera?

Sapitwa87
Zimatengera msinkhu. Wa zaka khumi kupita m'mwamba ine ndingamutenge, akukulira m'dziko lino ndipo ndi bwino amve ali ndi amayi ake ndi agogo ake pambali. Gawo la mitu lija mutha kulilambalala.

Teche_Boy
Ndibwerereko pa Avery Island poti ndinangotchula mothamanga. Si chilumba cha m'nyanja, ndi kaphiri kotukuka pakati pa dambo ndipo pansi pake ndi mchere wokhawokha, mpaka panali mgodi. Banja la McIlhenny linayamba kupanga Tabasco pamenepo mu 1868, tsabola amamunyenya, kuthira mchere, nkumusunga m'migolo ya matabwa mpaka zaka zitatu asanathire viniga. Mumayenda nokha kuona fakitale. Mbali inayo kuli Jungle Gardens komwe mumazungulira muli m'galimoto, ndiye kwa mayi ndi kabwino, miyendo siivutika, akakowa ali mbwee pa nsanja zawo ndipo ma alligator aang'ono amaoneka m'mayiwe muli pa mpando wanu. Kwa anthu a Kambuzi ndi Nali tsabolayo sakuopsani, koma kagulitsidwe kake dziko lonse kuchokera pa kaphiri kamodzi kamapatsa maganizo.

NaPhiri_HTX
Abale zikomo kwambiri, ndawawerengera bambo a ana zonse ndipo avomera. Tagwirizana chonchi, tinyamuka Lamulungu m'mamawa kuti masana tikapeze dansi ya ku Vermilionville, tigona ku Lafayette. Lolemba Lake Martin, St. Martinville, Avery Island, tikagona ku Houma. Lachiwiri m'mawa titsika ku Cocodrie kenako Thibodaux, River Road, madzulo New Orleans. Lachitatu tizungulira mu mzinda nkubwerera. Wamkulu ali ndi zaka 12 ndiye ku Whitney tipita, wamng'ono atsala panja ndi bambo ake. Chomwe ndikuona n'chakuti New Orleans yomwe tinanyamukira yatsala ndi theka la tsiku.

Zydeco_Mw
Onjezani tsiku limodzi ngati ntchito ikulola, mubwerere Lachinayi. Ndipo onani masiku omwe Whitney ndi ma museum a ku St. Martinville amatsegula, ena amatseka Lolemba kapena Lachiwiri, mungafike pa geti lotseka.

Kondowole_DMV
Mankhwala a udzudzu musaiwale, wa kumeneko alibe malungo koma amaluma ngakhale masana.

Thiraki_18
Chabwino mwandigonjetsa, koma pobwerera ndiye I-10 ndithu kuti mayi auone mlatho wanga uja. Nyamukani ku New Orleans m'mawa ndithu kuti mudutse Baton Rouge isanakwane 2 koloko masana, mlatho wa Mississippi pamenepo ukadzadza mumaima ola lathunthu. Thirani petulo musanakwere wa Atchafalaya, liwiro ndi mamailosi 60 pa ola ndipo musapitirire, pakachitika ngozi palibe kothawira. Pakati pake pali potulukira pa Butte La Rose, pali malo olandirira alendo aulere okhala ndi zimbudzi zaukhondo, mayi akawongoleko miyendo pamenepo.